Mlandu suola, koma khoti limawerenga masiku

Pa depoti ya minibasi, kondakitala akamutsitsa osamupatsa yake ya mwezi, anzake amamugwira paphewa n'kumuuza kuti asadandaule, mlandu suola. Mayi wa grosale amene buku lake la ngongole ladzaza ndi mayina a anthu omwe masiku ano amalambalala pakhomo pake amadzitonthoza ndi mawu omwewo. Nawonso achibale a munthu wogundidwa ndi galimoto, akaona kuti mwini galimoto wasiya kuyankha foni, amapukusa mitu n'kunena kuti adzaupeza kutsogolo. Mwambiwu umagwira ntchito ziwiri. Kwa wolakwa ndi chenjezo lakuti kuthawa sikuthetsa nkhani. Kwa wolakwiridwa ndi chitonthozo chakuti ngakhale dzuwa lilowe kangati, tsiku lake lidzakwana. Chenjezolo palibe angalitsutse. Chitonthozocho ndiye chofunika kuchiyang'anitsitsa, chifukwa chagoneka tulo anthu ambiri amene anayenera kulawirira ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti.

Makolo sananame. Pa bwalo la mfumu mwambiwu unali woona, ndipo zifukwa zake zinali poyera. Anthu okangana ankatunga pa chitsime chimodzi, ankaikana maliro pa manda amodzi, ndipo kunalibe kothawira kumene mbiri ya munthu sikanamulondola. Mboni zinali mudzi wonse. Nduna za mfumu ndi ankhoswe ankasunga m'mutu kuti mbuzi ija inabwerekedwa chaka cha dzombe, kuti malire a munda anadutsa pa chulu chiti, kuti chindapusa chinaperekedwa theka lokha. Koposa zonse, mlandu sunali wa munthu mmodzi. Wolakwa akamwalira, kapena akalowera ku Halale osabwerako, mwini mbumba ankausenza, amalume ankakhala pa bwalo m'malo mwa mwana wa mlongo wawo. Mlandu sunkaola chifukwa panali anthu ousunga ndiponso anthu oulipira, mbadwo ndi mbadwo.

M'tauni zonsezi mulibe. Wogula galimoto ku Lilongwe sadziwa kwawo kwa womugulitsa. Amangodziwa nambala ya foni, ndipo nambala amasintha. Mlonda wa pa nyumba ya ku Namiwawa mwina sadziwa ngakhale dzina lonse la abwana ake. Mboni za ngozi ya pamsewu ndi anthu odutsa, amene pofika madzulo amakhala atamwazikira ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chirimba. Ntchito yosunga nkhani, imene kale inali ya akuluakulu a mudzi, tsopano ili m'manja mwa pepala ndi deti.

Ilipo mbali imene malamulo a boma amavomerezana ndi makolo. Milandu ikuluikulu yaupandu, monga kupha munthu, ilibe tsiku lothera. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Aaron Gadama, Dick Matenje ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Kwa zaka zoposa 10 nkhaniyi inkangonong'onedwa. Boma litasintha mu 1994, komiti yofufuza inapeza kuti anthuwa anachita kuphedwa, ndipo mu 1995 Kamuzu Banda, John Tembo ndi ena anaimbidwa mlandu. Mwambi unaoneka kuti wapherezera. Koma mu Disembala chaka chomwecho khoti linawapeza osalakwa. Mlandu unadikira zaka 12 n'kufikadi pa bwalo, komabe kufika pa bwalo n'kwina, kupambana n'kwina, ndipo pakati pa ziwirizi pamakhala umboni.

Milandu imene imasowetsa tulo anthu wamba si yakupha ayi. Ndi ya matumba a simenti otengedwa pa ngongole, ya malipiro a miyezi iwiri, ya mwendo wothyoka pa ngozi. Imeneyi ili ndi lamulo lakelake, Limitation Act, limene ntchito yake ndi kuika tsiku lomwe dandaulo la munthu lidzaleke kumveka ku khoti. Mlandu wa pangano, kaya ndi ngongole, kaya katundu wosalipiridwa, kaya ntchito ya umisiri imene mwini nyumba anakana kulipira, uyenera kukalowa ku khoti zisanathe zaka 6. Mlandu wa munthu wovulazidwa chifukwa cha kusasamala kwa wina uli ndi zaka 3 zokha. Zakazi zikatha, ngongole imakhalabe yoona, wangongole amadziwa mumtima mwake kuti anadya za eni, koma loya wake amangoimirira n'kunena kuti nthawi inadutsa, ndipo woweruza safikanso pofunsa kuti wolakwa ndani. Mayi amene analemba m'buku lake mu Januwale 2019 kuti mnansi watenga ufa ndi shuga zoti alipire kutha kwa mwezi, nakhala chete kuopa udani, pofika Febuluwale 2025 anali atataya mphamvu yokasuma.

Lamuloli lili ndi mipata yake, ndipo wamalonda wochangamuka amaidziwa. Wangongole akalemba ndi kusayina kuti akuivomera ngongoleyo, kapena akabwezako pang'ono, zaka zija zimayambanso kuwerengedwa kuchokera tsiku limenelo. K5,000 yolandiridwa pa Mpamba kapena pa Airtel Money pa ngongole ya K300,000 ingaoneke ngati chipongwe, koma yadzutsa mlandu wonse. Ngati wolakwa anabisa chinyengo chake, nthawi imayamba pamene wolakwiridwa wazindikira, kapena pamene akanazindikira akanakhala tcheru. Mwana wamng'ono nayenso lamulo limamudikira kuti akule. Kupatula mipata imeneyi, kalendala simva za ulemu, za chibale, kapena za kudikira kuti fodya agulitsidwe kaye.

Wina angafunse kuti boma linaganiza chiyani popanga lamulo lobisa okana ngongole. Yankho limaoneka munthu akaima mbali inayo ya kauntala. Kalipentala amene anakhoma denga mu 2010 sangakhale moyo wake wonse akuyembekeza samani yonena kuti denga lija linadontha. Mwini shopu sangasunge risiti iliyonse mpaka imvi. Mboni zimamwalira, zina zimasamuka, zotsala zimakumbukira zimene zikufuna kukumbukira, ndipo woweruza wofunsidwa kugamula nkhani ya zaka 20 zapitazo amakhala akungolota. Ngakhale kumudzi komweko mwambiwu unali ndi mbali yake yowawa: mabanja osapalana moto chifukwa cha ng'ombe imene palibe wamoyo anaionapo, ana olipira zimene sanadye. Mlandu wosaola umabala chidani chosatha, ndipo malire a nthawi anaikidwa kuti anthu apume ku zimenezo. Pomwe pavuta m'pakuti malirewo amawadziwa ndi maloya ndi makampani a inshuwalansi, pamene wopwetekedwa nawo ndi munthu amene anakulira pa mwambi wa agogo ake.

Pa nkhani za ntchito nthawi ndi yochepa kuposa pamenepa. Employment Act ya 2000 imapatsa munthu wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo miyezi 3 kuti akadandaule kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lake, kumene anthu amangoti ku leba. Mkuluyo akalephera kuyanjanitsa mbali ziwirizo pa mwezi umodzi, nkhani imatha kupita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito limene lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Miyezi 3 imaoneka yambiri kwa amene sanachotsedwepo ntchito. Woyamba umatha ndi "bwerani Lachisanu, akawuntanti kulibe." Wachiwiri umatha ndi "tikuyimbirani, musavutike n'kubwera." Wachitatu, lendi itavuta, munthu watumiza ana kumudzi, iye ali pa ganyu yoponya njerwa, ndipo ya minibasi yopitira ku leba ndi yomweyo yogulira ufa. Abwana ozengereza sachita kukana. Amangolonjeza mwaulemu mpaka wodandaula adzafike ku ofesi mochedwa, kumene asanafotokoze za kuchotsedwa kwake amayamba wafotokoza kumene anali nthawi yonseyi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti lamulo lomwelo lili kumbali ya wantchito pa zinthu zambiri zimene iye sazidziwa. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu: mlonda, wantchito wa m'nyumba, mtsikana wogulitsa mu shopu, onsewa ndi antchito pamaso pa lamulo ngakhale sanasayine kontrakiti. Bwana sangachotse munthu popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho ndi khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, ayenera kuyamba wamupatsa mpata woyankhapo. Nkhani ikafika ku khoti, wofunika kusonyeza chifukwa chomuchotsera ndi bwanayo. Akalephera, khoti limatenga kuti kuchotsako kunali kopanda chilungamo. Wolandira pa mwezi ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi kapena ndalama zake, ndipo malipiro otsala ayenera kuperekedwa pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Wochotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito amayenera kulandira malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyambirira, a masabata 3 pa chaka kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi a masabata 4 pa chaka kupitirira apo. Zonsezi ndi zake, koma palibe amene adzamubweretsere kunyumba.

Naye mwini bizinesi yaying'ono ali ndi lake pamenepa. Ambiri olemba anthu awiri atatu pa butchala, pa saluni kapena pa chigayo amayesa kuti malamulo a ntchito ndi a makampani a ku Kanengo ndi ku Makata. Ndalama za m'kabati zikasowa, amathamangitsa mnyamata pa mkwiyo, osamufunsa pamaso pa mboni, osalemba kalikonse. Mnyamatayo akakhala wochangamuka n'kukafika ku leba sabata yomweyo, bwana amapezeka alibe choonetsa, ndipo akhoza kulipira chipepeso kwa munthu amene anamuberadi. Makampani okulirapo ali ndi msampha wina. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linalamula kuti wolemba ntchito azisonkha 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Kampani yodula ya wantchitoyo mwezi ndi mwezi osaitumiza ku thumba la penshoni ikudziunjikira ngongole imene idzaululike tsiku limene munthu adzapume pantchito n'kupeza thumba lake lili mbee.

Pa msewu makalendala amakhala awiri. Galimoto iliyonse yoyenda pa msewu wa boma iyenera kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo Road Traffic Act ya 1997 imalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji. Koma ufulu umenewu umatha pakapita zaka 2 chichitikireni ngozi. Chaka chachitatu wovulala amatsala ndi dalaivala ndi mwini galimoto, amene mwina chuma chake chonse chinali minibasi yophwanyikayo. Chikatha chachitatucho, basi. Munthu amene wagona miyezi ku Queens kapena ku Central ndi zitsulo m'mwendo saganiza za madeti. Mwini galimoto amabwera kudzazonda ndi jumbo ya nthochi ndi Sobo, napereka kangachepe, n'kunena kuti, "Tithana pachibale, achimwene, za maloya zingotidyera ndalama tonse." Nthawi zina mawuwo amachokeradi pansi pa mtima. Koma kuthana pachibale kwa pakamwa sikuimitsa nthawi, ndipo lipoti la apolisi ndi la dokotala, mapepala awiri amene mlandu wotere umayendera, savuta kuwapeza mwezi wa ngozi ngati mmene amavutira patapita zaka.

Galimoto yomweyo imasonyezanso pamene mwambiwu umakwaniritsidwa mopanda chisoni. Anthu ambiri amagulitsana galimoto pa bala kapena pa malo otsukira magalimoto: ndalama uku, makiyi ndi bulubuku uko, zosintha umwini ku Road Traffic "tidzapanga mwezi wamawa." Mwezi wamawawo sufika. Galimoto imagulitsidwanso kawiri katatu, imakathera ku Karonga kapena ku Nsanje ikuchita matola, koma mu kompyuta ya MalTIS dzina likadali la mwini woyamba. Tsiku limene idzagunde mwana wa sukulu dalaivala n'kuthawa, kapena idzagwidwe itanyamula makala kapena chamba, apolisi ndi maloya adzayambira pa dzina lolembedwalo. Munthu akhoza kudzapulumuka atasonyeza kuti anagulitsa kalekale. Koma adzasonyeza ndi chiyani ngati panalibe kalata ya mgwirizano, sanatenge fotokope ya chiphaso cha unzika cha wogula, ndipo mboni yokhayo inali mnzake wa pa bala amene analowera ku Joni?

Wogula naye amatenga galimoto pamodzi ndi mbiri yake yonse. Lamulo la kugula ndi kugulitsa katundu limati munthu sangagulitse chimene si chake, motero galimoto yobedwa kawirikawiri imabwerera kwa mwini wake ngakhale wogula analipira osadziwa kanthu. Imene inalowa m'dziko osalipira msonkho wokwanira, a MRA akhoza kuigwira m'manja mwa aliyense amene ali nayo. Imene mwini wake anaiika chikole ku banki kapena ku bungwe lobwereketsa ndalama, ngongole imailondola. N'chifukwa chake Personal Property Security Act ya 2013 inakhazikitsa kaundula wa katundu wa chikole, amene munthu angafufuzemo asanatulutse ndalama. Anyamata a kabaza ogula njinga zamoto zopanda nambala, zopanda inshuwalansi, kwa munthu amene anagulanso kwa wina, ali pakati pa ngozi ziwiri. Akagunda munthu palibe kampani yowalipirira, ndipo njinga ikabedwa alibe chosonyeza kuti inali yawo.

Apa ndi pamene kukondera kwa mwambiwu masiku ano kukuonekera. Zimene munthu wamba ayenera kulandira zili ndi tsiku lothera: miyezi 3, zaka 2, zaka 3, zaka 6. Zimene zalembedwa pa dzina lake m'kaundula wa boma zimamudikira mpaka iye mwini adzapite kukazifafaniza.

Pa bizinesi zilinso chimodzimodzi. Kulembetsa dzina pansi pa Business Registration Act ya 2012 kumapatsa munthu setifiketi yopachika mu shopu ndi yotsegulira akaunti ku banki, koma sikumulekanitsa ndi bizinesiyo. Shopu ikagwa ndi ngongole, masherifu okhala ndi chilolezo cha khoti sathera pa mashelefu. Amafika kunyumba, pa firiji ndi pa sofa. Kampani yolembetsedwa pansi pa Companies Act ya 2013 ndiyo imaima payokha pamaso pa lamulo, ngongole zake n'kukhala zake, ngakhale kuti mabanki amazidziwa zimenezi ndipo amauza mwini kampani yaying'ono kuti asayine kuti ikadzalephera adzabweza iyeyo. Anthu awiri amene asonkherana mpamba n'kumagawana phindu, ngakhale sanalembe kanthu, lamulo limawatenga kuti bizinesi ndi ya onse, ndipo ngongole imene mmodzi watenga m'dzina la bizinesiyo imagwera onse awiri. Mabizinesi ambiri otere ndi a pachibale kapena a pa mpingo, kumene kupempha mnzako kuti asayine pepala kumamveka ngati kumutchula wakuba. "Asa, alamu, mpaka tilemberane?" Funso limeneli latseka pakamwa anthu ambiri, kuiwala kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Imfa ndiyo imalekanitsa kwambiri bwalo la mfumu ndi khoti. Kumudzi mlandu unkatsalira otsala. Malamulo a chuma cha masiye amati ngongole za womwalira zilipidwe kuchokera pa chuma chimene wasiya chisanagawidwe, ndipo chumacho chikatha, ana ndi mayi wamasiye sakakamizidwa kulipira za m'thumba mwawo pokhapokha ngati anasayina nawo. Wakatapila amene amafika pakhomo maliro atangoikidwa n'kunyamula wailesi ndi mbuzi, uku akutchula mwambiwu, akudzipalira mlandu wakewake. Ndipo chiwongoladzanja chake chikakhala chonyanya, Loans Recovery Act imapatsa khoti mphamvu yoti liunikenso panganolo n'kuchitsitsa.

Ngakhale mlandu utalowa pa nthawi yake, zilipo zina zimene zimaolera m'njira. Risiti za makina a EFD zimafufutika zokha, n'kutsala kapepala koyera. Chiswe chimadya buku la ngongole, misika imapsa, ndipo namondwe Freddy atagwetsera matope a m'phiri la Soche pa Chilobwe mu Marichi 2023, opulumuka ambiri anatuluka ndi zovala za m'thupi zokha. Foni imene inali ndi mauthenga onse a WhatsApp imabedwa mu minibasi. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 inatsegula njira yoti mauthenga ndi zolemba za pa foni ndi pa kompyuta zizilandiridwa ngati umboni, koma zimathandiza yekhayo amene anazisungakonso pena.

Nayo ndalama imaola. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anabwereketsa mnzake K1 miliyoni mu 2021, ngakhale atailandira yonse lero, matumba a feteleza amene angagule nayo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a tsiku lija. Makhoti amatha kuwonjezera chiwongoladzanja, koma nawonso ali ndi mulu wa mafayilo, ndipo mu 2012 anatsekedwa kwa miyezi yoposa iwiri ogwira ntchito kumeneko atanyanyala. Wangongole wochenjera amadziwa kuti chaka chilichonse chimene wazengereza chamuchotsera gawo la ngongole popanda kubweza ndi tambala yomwe.

Njira zilipo, ndipo zambiri sizilira loya wa suti. Ku leba munthu amapita yekha. Khoti la majisitireti limamva milandu ya ngongole zing'onozing'ono munthu akudziyankhulira m'chinenero chake. Legal Aid Bureau inakhazikitsidwa kuti izithandiza osowa ndalama ya loya. Ku polisi, kumene ambiri amathamangira, si kotolera ngongole, pokhapokha ngati pali kuba kapena chinyengo. Ndipo miyezi imene munthu amathera akuzungulira kumeneko imawerengedwa pa kalendala yomwe ija.

Ndi Amalawi ochepa amene auyesa mwambiwu nthawi yaitali kuposa amene anakagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku South Africa. Anapita kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela mpaka 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70 ndipo Kamuzu analetsa ulendowo. Anapitanso kudzera ku bungwe la TEBA kuyambira 1977 mpaka 1988. Ambiri anabwerako ndi wailesi, njinga ndi chifuwa. Fumbi la miyala linkawawononga mapapo pang'onopang'ono, matenda n'kudzaonekera patapita zaka, ali kumudzi ku Ntcheu, ku Dedza kapena ku Mzimba, kutali ndi kampani imene inawalemba. Mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ma rand 5 biliyoni pakati pa makampani 6 a migodi ndi maloya a anthu odwala silicosis ndi TB. Bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lilipire amene anagwira ntchito m'migodi imeneyo pakati pa Marichi 1965 ndi Disembala 2019, kuphatikizapo ochokera ku Malawi, kapena mabanja awo ngati eni ake anatsogola.

Apa mlandu unakhaladi zaka makumimakumi osaola, unawoloka malire a mayiko, ndipo unalipiritsa makampani amene palibe nyakwawa ikanawaitanira pa bwalo. Komabe bungwelo limafunsa zofanana ndi zimene amafunsa ku leba: mgodi uti, zaka ziti, nambala ya ntchito, zotsatira za kuchipatala, ndipo kwa womwalira, chikalata chosonyeza chimene chinamupha. Ambiri anaikidwa kumudzi popanda dokotala kulemba kalikonse, ndipo akazi awo amasiye akufufuza m'masutikesi akale mapepala amene amuna awo sanaganizepo kuti adzafunika. Nalonso bungweli linapatsidwa zaka 12 zolandira madandaulo, zimene zikutha mu Disembala 2031. Mnyamata amene anakwera ndege ya Wenela pa Chileka mu 1970 ali ndi zaka 20, mu 2031 adzakhala ndi zaka 81.